Cheke chili m'manja koma mabanki andibweza, a ku UK ndithandizeni

NaJere_Luton
Moni nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru mwachangu. Mwezi watha tinasamuka m'nyumba imene tinkachita lendi, ndiye eni nyumba, bambo wachikulire ndithu, atibwezera dipoziti yathu pa cheke, mapaundi 780. Lero m'mawa ndinapita ku banki imene yalembedwa pa chekepo, pasipoti ili m'manja, poganiza kuti andipatsa ndalama pa kauntala monga timachitira kumudzi. Andiuza kuti sizitheka, cheke chimenechi n'choika mu akaunti basi. Ndapita ku banki yanga, nakonso andibweza, ati dzina la pa cheke silikufanana ndi la pa akaunti. Bambowo alemba dzina langa loyamba ndi dzina la bambo a kunyumba, pomwe pasipoti ndi akaunti zili m'dzina la bambo ondibereka. Mvula yagwa ku Mchinji, amayi adzala kale chimanga ndipo akudikira ine pa feteleza. Ndamva kuti kuli mashopu osintha macheke tsiku lomwelo. Amafuna ziphaso zanji? Lero ndi Lachiwiri, ndimafuna ndalama zifike kumudzi sabata isanathe.

Kambuzi01
Achemwali, sainani kumbuyo kwa chekecho mupatse bambo a kunyumba aike mu akaunti yawo. Dzinalo si lawo lomwe?

MadalaWaLeeds
Ayi Kambuzi, usawasocheretse mayiwa. Mayi NaJere, tayang'anani pakati pa chekecho. Muona mizere iwiri ndi mawu akuti A/C Payee kapena Account Payee. Macheke a kuno amabwera kuchokera ku banki atasindikizidwa kale choncho. Lamulo la macheke la 1992 limati cheke chotero sichingapite kwa munthu wina, ndalama zake zimalowa mu akaunti ya amene walembedwa pamenepo yekha. Zosaina kumbuyo zinkatheka lamuloli lisanabwere. Bambo a kunyumba sangaike chifukwa dzina loyamba ndi lanu. Ndipo a banki ya eni nyumbayo sanakunyozeni pokukanizani pa kauntala, ngakhale mzungu wobadwira konkuno akanamubweza chimodzimodzi.

Kambuzi01
Koma ine ku Limbe ndinkatapa malipiro anga choncho Madala. Kulemba dzina ndi nambala ya chiphaso kumbuyo, ndalama pompopompo.

MadalaWaLeeds
Chimenecho chinali cheke chotsegula, chopanda mizere. Ngakhale kumudzi komweko, cha mizere umaika mu akaunti n'kudikira.

Nasibeko_Notts
Asisi, bwererani ku banki yanu ndi setifiketi ya ukwati. Mabanki ena akaona kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi amalandira cheke. Mupite ku nthambi, mupemphe kuonana ndi munthu wa pa desiki, musaike pa makina.

NaJere_Luton
Zikomo asisi, koma ukwati wathu ndi wa chinkhoswe. Ankhoswe a mbali zonse analipo, anthu anadya, anavina, koma pepala tilibe. Kuno aliyense anabwera pa viza yake ya ntchito ndiye palibe anatifunsapo za setifiketi.

Mnyamata_wa_Ndirande
Mama musavutike. Pali mkulu wina ku Birmingham amathandiza anthu pa zoterezi. Mungomutumizira chithunzi cha cheke ndi cha pasipoti pa WhatsApp, amadula 10 pa 100 iliyonse, ndalama madzulo omwewo. Ndikupatseni nambala ku inbox?

Mlembi_wa_Gulu
Nambala imeneyo isaperekedwe, pano kapena ku inbox. Mayi NaJere, musatumize chithunzi cha pasipoti kwa munthu amene simukumudziwa. Achimwene a ku Ndirande, lamulo la gulu lino mukulidziwa.

Mnyamata_wa_Ndirande
Ine ndimangofuna kuthandiza. Munthu ali pa vuto inu mukuwerenga malamulo.

Kalaliki_MK
Achimwene, mtima wofuna kuthandiza tauona, koma taganizani bwino. Mkuluyo chekecho akachiika kuti, poti ndi cha mizere ndipo dzina lake palibe? Njira ndi ziwiri zokha: kusintha dzina pa cheke, komwe ndi mlandu, kapena chimene akufuna si chekecho koma pasipotiyo. Pa chithunzi cha cheke pali dzina la eni nyumba, nambala ya akaunti yawo, sort code ndi siginecha. Pa pasipoti pali zonse za mayiwa. Munthu wakuba akapeza ziwirizi amatsegula akaunti m'dzina lanu, n'kumadutsitsamo ndalama zakuba. Banki ikatulukira imatseka akaunti yanu yeniyeni n'kukulembetsani ku Cifas, kaundula wa nkhani zachinyengo, komwe mabanki ambiri amayang'ana. Chizindikiro chimenecho chimatha kukhala zaka 6. Zaka 6 ukuvutika kutsegula akaunti, kutenga foni ya kontrakiti, kupeza ngongole ya galimoto, ndipo abwana sadziwa koika malipiro ako. Ana athu a sukulu akugwa kwambiri m'dzenje limeneli chifukwa cha mawu oti "ndibwereke akaunti yako, ndikupatsa kangachepe". Tisamapereke anthu kwa akuluakulu osadziwika.

AnesiAkuCoventry
Ndiyankhe funso lenileni la mayiwa, za mashopu aja, poti ine ndinalowamo nditangofika mu 2022. Kampani imene ndinayamba kugwirako inandilipira mwezi woyamba pa cheke akaunti ndisanatsegule. Mashopu ake nthawi zambiri ndi omwe aja a pinyolo, ogula golide ndi mafoni. Iwo ali ndi mgwirizano wapadera ndi banki yawo, n'chifukwa chake amatha kulandira cheke cha mizere cha munthu wina pomwe inu ndi ine sitingathe.

Tsiku loyamba amakulembetsa kaye. Anafuna chiphaso cha chithunzi, ine ndinapereka pasipoti. Anafunanso kalata yoonetsa kumene ndikukhala, yosapitirira miyezi itatu, ndi pepala limene linabwera ndi chekecho, lomwe kwa ine linali payslip. Anandijambula nkhope, kenako anaimbira kampaniyo kufunsa ngati chekecho ndi chawodi. Pa mapaundi 500 ndinatuluka ndi 450 ndi kena pang'ono. Amadula gawo la ndalamazo, kuwonjezera ndalama ina ya ntchito yawo, ndipo shopu iliyonse ili ndi mtengo wake, choncho mufunse musanapereke cheke.

Koma mayi, ndinene mosabisa, kwa inu sindikuona kuti zitheka. Choyamba, ambiri amakonda macheke osindikizidwa a kampani kapena a boma, a munthu wamba olemba pamanja amawaopa poti akabwerera otaya ndi iwo. Chachiwiri ndi dzina lomwelo. Mashopu amenewa amayang'aniridwa ndi HMRC, bungwe la misonkho la kuno, pa malamulo oletsa kubisa ndalama zakuba, ndiye dzina la pa cheke likasiyana ndi la pa pasipoti akubwezani monga yachitira banki. Mungotaya ndalama ya basi.

NaJere_Luton
Ee, mutu wanga wazungulira. Ndiye palibiretu njira?

Kalaliki_MK
Njira ilipo mayi, ndipo ndi yaulere. Vuto silili kwa inu kapena ku banki, lili pa cholembera cha eni nyumba. Aimbireni madzulo ano. Choyamba apempheni atenge cheke chawo n'kukutumizirani ndalamazo mu akaunti mwachindunji. Njira imeneyi, yotchedwa Faster Payments, imafika m'mphindi zochepa, ngakhale usiku kapena Lamlungu. Ngati sagwiritsa ntchito foni, atha kupita ku nthambi ya banki yawo ndi khadi, a pa kauntala awatumizira. Akakana zimenezo, alembe cheke chatsopano, ndipo muwaonetse khadi lanu la ku banki akopere dzina chilembo ndi chilembo. Musavomere kuti angofufuta dzina pa chakalecho n'kusaina pambali, banki itha kuchikanabe ndipo mudzakhala mwataya masiku awiri.

Za masiku tsopano. Kale cheke chinkayenda ndi galimoto kupita kokachiwerengera, munthu n'kudikira pafupifupi sabata. Kuyambira 2017 mabanki anayamba kutumizirana chithunzi chokha, ndipo pofika 2019 onse anali atalowa m'njira imeneyi. Mukaika cheke tsiku la ntchito nthawi yotsekera isanakwane, ndalama zimakhala zanu isanakwane 12 koloko usiku wa tsiku la ntchito lotsatira. Mukachitenga mawa Lachitatu n'kuika masana, Lachinayi usiku ndalama zilimo. Mukaika Lachinayi, Lachisanu usiku. Koma mukafika Lachisanu ndiye mpaka Lolemba, poti Loweruka ndi Lamlungu siziwerengedwa. Mabanki ambiri amalola kujambula cheke pa app, osapita ku nthambi, koma iliyonse ili ndi malire ake a ndalama, yang'anani ngati 780 ikukwana. Ku Post Office kokha musapiteko ngati mukufulumira, envelopu imayenda kaye isanafike ku banki, ndipo si mabanki onse amene amalandirira macheke kumeneko.

MphunzitsiWakale
Nkhani iyi ikundikhudza mbali ina. N'chifukwa chiyani mkuluyo anangoganiza kuti mkazi wokwatiwa ndiye kuti ali pa dzina la mwamuna? Kwathu ku Dedza agogo anga anakwatiwa zaka zambiri koma anamwalira ali Nabanda, amuna awo ali Aphiri. Mkazi sataya mfunda wake. Ana anga aakazi ndimawauza kuti dzina limene lili pa chiphaso cha unzika, pa satifiketi ya MSCE ndi pa pasipoti likhale limodzi mpaka kalekale.

Nasibeko_Notts
Aphunzitsi, ena tinasintha mwa kufuna kwathu ndipo sitikudandaula. Kutchalitchi amanditchula dzina la bambo a kunyumba, ana ali pa dzina lomwelo, kusukulu kwawo sindivutika kufotokoza kuti ndine mayi wawo.

MphunzitsiWakale
Sindikutsutsa mwana wanga, bola wasintha paliponse ndi mapepala. Choopsa ndi kukhala ndi mayina awiri, lina la pakamwa lina la m'pasipoti. Ndipo kwa Mayi NaJere, lamulo la maukwati la ku Malawi la 2015 limazindikira ukwati wa mwambo, si ukwati wachabe ayi. Mukadzapita kumudzi mudzapite ku ofesi ya DC mukaulembetse mukhale ndi pepala. Lero ndi cheke, mawa ndi penshoni kapena inshuwalansi, mwamuna atatisiya, abale akufuna umboni.

Kambuzi01
Apa ndiye mwanena zoona aphunzitsi. Mlamu wanga anavutika kwambiri pa nkhani yomweyi amuna ake atamwalira.

WaKuJoni
Ine ndikudabwa kuti ku UK mukadali ndi macheke. Kuno ku South Africa anatha pa 31 December 2020, mabanki onse analeka kulandira. Ana anga sadziwa n'komwe maonekedwe ake.

MadalaWaLeeds
Kunonso anayesa. Mu 2009 analengeza kuti macheke adzatha mu 2018, koma okalamba ndi mabungwe othandiza anthu anadandaula kwambiri, aphungu analowererapo, ndipo mu 2011 ganizolo linathetsedwa. Anthu a msinkhu wa eni nyumba a Mayi NaJere ndi amene anachititsa. Amakhulupirira buku lawo la macheke kuposa foni, ndipo tikaona mmene akuba akuwaimbira okalamba n'kuwalanda ndalama za penshoni, ine sindiwadzudzula.

Tadala_Hull
Pepani ndilowerere ndi langa. Ine ndili ndi Revolut yokha, ndipo ndikudikira ndalama za msonkho zimene HMRC yati indibwezera. Zikabwera pa cheke ndidzatani? Komanso BRP yanga, khadi lija la chilolezo chokhalira kuno, ikadagwirabe ntchito ngati chiphaso?

Kalaliki_MK
Tadala, Revolut siilandira macheke, Wise chimodzimodzi. Monzo ndi Starling zimalandira. Koma iwe usadikire cheke n'komwe. Ngati walandira kalata ya P800, imene HMRC imatumiza yowerengera msonkho wako, lowa wekha pa gov.uk, osati pa link ya mu meseji kapena imelo poti zimenezo ndi za akuba, upemphe kuti ndalama zilowe mu akaunti. Zimatenga masiku asanu a ntchito. Ukasankha cheke ukhoza kudikira mpaka masabata asanu ndi limodzi.

BRP zonse zinatha pa 31 December 2024. Tsopano ndi eVisa, chilolezo cha pa intaneti, umalowa mu akaunti yako ya UKVI, ofesi ya maviza, n'kutenga share code, imene imagwira ntchito masiku 90. Imeneyo imaonetsa kuti uli m'dziko muno mololedwa, koma pa kauntala amafunabe chinthu chogwirika cha chithunzi. Uyende ndi pasipoti.

AnesiAkuCoventry
Ndiwonjezere apa. Aliyense wongofika kumene atenge provisional licence, laisensi ya ophunzira kuyendetsa, ngakhale alibe maganizo oyendetsa galimoto. Ndi mapaundi 34 pa intaneti. Pali chithunzi, dzina, tsiku lobadwa ndi adiresi, ndipo umasiya kuyenda ndi pasipoti m'chikwama tsiku lililonse. Kutaya pasipoti ya Malawi uli kunja si nkhani yaing'ono. Chokhacho, malo ambiri salola kuti khadi limodzi likhale umboni wa nkhope ndi wa adiresi nthawi imodzi, ndiye pepala lachiwiri likhalepo.

Tadala_Hull
Pepala lachiwirilo ndiye vuto langa anesi. Ndimakhala m'chipinda m'nyumba ya anthu asanu, mabilu onse ali m'dzina la landilodi.

AnesiAkuCoventry
Kalata ya HMRC yomwe wanenayo ndi umboni wa adiresi kumabanki ambiri, usaitaye. Ina ndi statement ya banki, kalata ya council tax, kapena mgwirizano wa lendi, ngakhale ena amafuna wochokera kwa ejenti kapena khonsolo osati wolemba landilodi yekha. Banki iliyonse ili ndi mndandanda wake, uwerenge usanapite. Ndipo ufunse basic bank account. Mabanki akuluakulu asanu ndi anayi amakakamizidwa ndi lamulo kukhala nayo, ilibe ngongole, ilibe malipiro a pamwezi, koma cheke imalandira.

Mlembi_wa_Gulu
Tibwerere kwa Mayi NaJere abale. Mayi, mwawaimbira eni nyumba?

NaJere_Luton
Ndaimba pa break sanayankhe, ndasiya uthenga. Ndikuopa kuti mwina akwiya, aganiza kuti ndikufuna ndalama kawiri.

MadalaWaLeeds
Palibe chokwiyira. Muwauze kuti chakalecho muwabwezera m'manja, ang'ambe okha. Ndipo ndalamazo ndi zanu, si chifundo. Ku England dipoziti imayenera kutetezedwa ku bungwe lovomerezeka ndi boma, ndipo mukagwirizana za ndalama zobweza, eni nyumba ali ndi masiku 10 oti apereke. Cheke chimene simungaike mu akaunti si kubweza. Koma zimenezi musayambe nazo, yambani ndi ulemu. Mkuluyo analakwitsa dzina basi, sanakane kulipira.

MlimiWaKuKasiya
Ine ndilankhule za kumunda, poti ndi kumene kwachititsa changu chonsechi. Mayi, amayi anadzala liti? Ngati ndi kumapeto kwa sabata yathayi, chimanga chikungoyamba kumera. Feteleza wokulitsa amathira pobzala kapena chikangomera, mkati mwa sabata yoyamba, ndipo wobereketsa, yureya, amabwera patapita masabata atatu. Ndalama zikafika Lachinayi kapena Lachisanu simunachedwe. Mapaundi 50 amene mukanasiya ku shopu ya macheke aja ndi ndalama yambiri pa thumba la feteleza. Mugule wokulitsa kaye, yureya adikire malipiro a mwezi uno.

Kambuzi01
Koma mitengo ikukwera tsiku ndi tsiku achimwene, mvula ikagwa mavenda sagona. Ndipo pa Mchinji feteleza amatha msanga, ena amawolotsa malire.

MlimiWaKuKasiya
N'zoona umakwera, koma sukwera ndi gawo limodzi mwa magawo khumi m'masiku awiri. Chimene ndingawalangize n'choti atumize kwa munthu mmodzi wodalirika pa Airtel Money kapena Mpamba, akagule ku shopu yodziwika n'kujambula lisiti ndi matumba. Wa pamsika wopima pa mbale ena amasakaniza ndi mchenga.

Nasibeko_Notts
Asisi NaJere, ngati eni nyumba sapezeka mpaka Lachinayi mundiuze. Amayi a chigwirizano kuno tili ndi kathumba ka mavuto, titha kukubwerekani mapaundi 200 opanda chiwongola dzanja, mudzabweze cheke chikalowa. Amlembi amandidziwa, ndi amene angatilumikize.

Mlembi_wa_Gulu
Ndikuwadziwa, ndipo zoterezi zidutse mwa ine kuti pakhale mboni.

Mnyamata_wa_Ndirande
Ndiye ngati ndi amayi a kutchalitchi zili bwino, ngati ndi ine ndalakwa?

Kalaliki_MK
Amayiwa akupereka ndalama zawo ndipo sakupempha pasipoti ya munthu. Kusiyana kwake ndi kumeneko achimwene. Ndipo ngati inuyo munatumizako zithunzi za ziphaso zanu kwa mkulu uja, yang'anani credit report yanu, mbiri ya ngongole ndi maakaunti anu, ku Experian, Equifax kapena TransUnion muone ngati palibe akaunti imene simukuidziwa. Kuona n'kwaulere.

NaJere_Luton
Abale, andiimbira usiku uno. Apepesa kwambiri, ati ankaganiza kuti ndi mmene amalembera mayi wapabanja. Za kutumiza pa foni akana, ati sanachitepo ndipo sayamba lero, ku nthambi nako ati mwendo ukuwavuta. Koma avomera kulemba china mawa. Ndituluka ku shifiti 2 koloko, ndikwera basi kupita kwawo ndi khadi langa la ku banki ndi cheke chakale. Ndayang'ana pa app, malire ake akuposa 780. A Kalaliki, ndikajambule pomwepo kapena ndithamangire ku nthambi?

Kalaliki_MK
Jambulani muli m'nyumba mwawo momwemo, kuti app ikakana alembe china musanachoke. Musanajambule onani zinayi: dzina, deti, siginecha, ndiponso kuti ndalama za m'mawu zikufanana ndi za manambala. Ikani cheke pa tebulo lakuda, chisapindike, ngodya zonse zinayi zioneke, ndipo mujambule kutsogolo ndi kumbuyo ngati app ikufuna. Yang'anani nthawi yotsekera ya banki yanu, poti mukaipitirira amawerenga ngati mwaika Lachinayi. Pepalalo musataye mpaka ndalama zitalowa.

Bambo_a_Chiso
Pepani ndabwera mochedwa. Ndinagulitsa galimoto, DVLA, ofesi ya boma ya zamagalimoto, yanditumizira cheke cha msonkho wotsala, koma chakhala mu drawer kuyambira June. Chikadali chamoyo?

MadalaWaLeeds
Mabanki amakana cheke chikapitirira miyezi isanu ndi umodzi. Werengani kuchokera pa deti lolembedwa pamenepo, osati tsiku limene munachilandira. Ngati ndi cha June muli ndi masabata ochepa, kaikeni mawa. Chikatha nthawi ndalama sizitayika, koma muyenera kulembera ku DVLA ku Swansea kuti atumize china, ndipo adzalemba dzina limene linali pa logbook, chikalata cholembetsera galimotoyo.